PhD ya finance, ya stats, kapena ndingopitiriza uinjiniya womwewu?

mwana_wa_magetsi

Moni nonse akuluakulu. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo ndipo aliyense amene ndamufunsa akungokokera kwake. Digiri yanga yoyamba ndi ya uinjiniya wa zamagetsi, kenako ndinalowa masters yomwe mbali yaikulu ndi signal processing (masamu osanthula ma signal ngati mawu ndi zithunzi), ndipo mmenemo ndi momwe ndinakondera ma statistics, makamaka ma time series, deta yotengedwa motsata nthawi. Panopa ndatsala pang'ono kumaliza. Chomwe ndikufuna ndi kudzakhala lekichala pa yunivesite ndikumapanga kafukufuku, zolowa mu kampani sizikundipatsa chidwi kwenikweni.

Nde vuto ndi ili. Supavaiza wanga akuti ndipitirize PhD ya uinjiniya chifukwa ndi kumene ndili ndi maziko. Mnzanga wina akuti ayi, masamu omwe ndikudziwawa ku finance amawafuna kwambiri ndipo malekichala a ku business school amalandira bwino kuposa ena onse. Ineyo mtima wanga ukupendekera ku stats koma ndikuopa kuti andiona ngati mlendo poti sindinaphunzire masamu a ma proof ngati anzathu a pure maths aja. Amene mwadutsamo tandiuzeni, tsiku ndi tsiku ntchito yake imakhala yotani kumbali zitatuzi? Kutulutsa mapepala kumavuta mofanana? Nanga munthu wochokera ku uinjiniya amamulandira ku finance? Musandibisire chonde, ndikufuna zoona zake osati za mma brochure.

Dokotala_Sigma

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanatumize ma application. Ine ndimaphunzitsa stats nde mudziwiretu kuti ndikokera kwathu, koma ndiyesetsa kunena chilungamo.

Poyamba chotsani mantha akuti ndinu mlendo. Ma statistics anamangidwa ndi anthu ochokera kwina. William Gosset, mwini wake wa t-test yomwe mumagwiritsa ntchitoyo, anaphunzira chemistry ndi masamu ndipo amagwira ntchito ku kampani ya mowa ya Guinness ku Dublin, pepala lake la 1908 mu Biometrika analemba ndi dzina loti Student chifukwa kampani simalola antchito kutulutsa zinthu ndi mayina awo. George Box nayenso anayambira ku chemistry. Kalman filter, njira yoyerekezera chinthu kuchokera ku miyezo yokhala ndi noise, yomwe inu a ma signal mumaidziwa ngati dzina lanu, Rudolf Kalman anali injiniya wa zamagetsi ngati inu nomwe, pepala lake ndi la 1960, a NASA anaigwiritsa ntchito pa ulendo wa Apollo, lero ife a stats timaiphunzitsa mu time series ngati yathu ndipo a economics nawo amayesera nayo zinthu zosaoneka ngati potential output. Nde mlendo ndani pamenepa.

Koma pali dzenje limodzi lomwe ndaona ana a uinjiniya akugweramo, ndipo mwalitchula kale nokha. Ku uinjiniya amakuphunzitsani kugwiritsa ntchito theorem, ku PhD ya stats amafuna muwonetse chifukwa chake theorem yo ili yoona. Chaka choyamba mukumana ndi probability ya measure theory ndi asymptotic theory, ndipo mayunivesite ambiri a ku America amakhala ndi qualifying exam kumapeto kwa chaka choyamba kapena chachiwiri, mukalephera mobwereza amakupatsani masters nkukutsanzikani. Ngati simunapangepo real analysis, kosi ya ma proof omwe ali maziko a calculus, ipangeni panopa, kosi yeniyeni yokhala ndi giredi pa transcript osati kungoonera mavidiyo pa YouTube. Komiti yosankha ophunzira ikaona real analysis yokhoza bwino mtima umakhala pansi, ikapanda kuiona imayamba kukayika ngakhale mutakhala ndi ma A ena onse. Linear algebra yanu ndikhulupirira ili bwino kale, mainjiniya a magetsi pamenepo savuta.

Za tsiku ndi tsiku. Munthu wa stats safuna labu. Kompyuta, pulogalamu ya R kapena Python, bolodi ndi nthawi yoganiza basi. Izi anthu amazipeputsa koma ndi nkhani yaikulu, chifukwa zikutanthauza kuti ngakhale mutadzapezeka pa yunivesite yopanda ndalama kafukufuku wanu saima. Chinanso, aliyense pa kampasi amakufunani. A zaumoyo akufuna muwathandize kukonza clinical trial, a zaulimi abwera ndi deta ya mbewu, a psychology abwera ndi mafunso awo. Ubwino wake dzina lanu limalowa pa mapepala ambiri. Kuipa kwake mukapanda kusamala mumasanduka kalaliki wa anthu ena, zaka zikupita inu mukungoyendetsa ma regression a anzanu, ikafika nthawi yokwezedwa akufunsani kuti nanga zanuzanu zili kuti, methodology yomwe mwabweretsa ndi iti. Ma journal omwe amawerengedwa kwambiri kwathu ndi Annals of Statistics, JASA, Biometrika ndi Journal of the Royal Statistical Society Series B, ndipo kumeneko safuna kumva kuti munathandiza dokotala kupeza p-value. Nde muyenera kuphunzira kukana, mwaulemu koma kukana ndithu. Ambiri zimatitengera nthawi.

Ndipo kuphunzitsa kulipo kochuluka. Dipatimenti ya stats imaphunzitsa kosi yoyambirira kwa pafupifupi sukulu yonse, makalasi akuluakulu a ana omwe sanasankhe stats ndipo sakuifuna. Ngati kuphunzitsa mumakukonda zoona ndi mwayi, ngati mumangonena pofuna ntchito mudzatopa msanga.

kwanti_wotopa

A Dokotala anena zoona zambiri koma za finance ndiyankhe ine, ndinapanga PhD imeneyo kenako ndinathawira ku industry kkkk.

Funso lanu loti kodi injiniya amamulandira, eee amamulandira ndi manja awiri. Robert Merton anayamba ndi engineering mathematics ku Columbia, kenako applied maths ku Caltech, nkudzapanga PhD ya economics ku MIT pansi pa Paul Samuelson. Fischer Black PhD yake inali ya applied maths. Robert Engle yemwe anabweretsa ARCH (model ya mmene kugwedezeka kwa mitengo kumasinthira ndi nthawi) mu 1982 nkudzalandira Nobel mu 2003 anali ndi madigiri awiri a physics. Black-Scholes equation, yowerengera mtengo wa ma option ija, mukaisintha ma variable imasanduka heat equation yomwe munaiona kale mkalasi. Pa masamu simudzavutika ayi.

Koma apa mnzanuyo sanakuuzeni zonse. Pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe anthu amazisokoneza. Pali mathematical finance kapena financial engineering, yomwe nthawi zambiri imakhala ku dipatimenti ya masamu, stats kapena operations research, uko ndi ma stochastic calculus, lemma ya Itô, kuwerengera mtengo wa ma option ndi ma risk. Ndiye pali PhD ya finance ya ku business school, imeneyo ndi economics. Chaka choyamba mumakhala limodzi ndi ana a economics kuphunzira micro, macro ndi econometrics, ndipo funso lomwe mudzafunsidwe mu semina iliyonse ndi lakuti economic mechanism yake ndi iti, identification yanu (umboni woti ichi ndi chomwe chikuchititsa icho) ili pati. Mutha kubwera ndi model yokongola yolosera bwino kuposa ena onse, iwo angokuyang'anani nkufunsa kuti nde tiphunzirapo chani za mmene anthu ndi makampani amapangira ziganizo. Injiniya amasangalala chinthu chikagwira ntchito, wa finance amafuna adziwe chifukwa chake, ndipo ma semina awo ndi aukali, amakudula pakamwa usanamalize slide yoyamba. Malipiro abwino omwe mnzanu akunenawo ali ku mbali yachiwiriyi, osati yoyamba ija.

Kutulutsa mapepala nde ndi nkhani ina. Ma journal omwe amasintha moyo wa munthu ndi atatu basi, Journal of Finance, Journal of Financial Economics ndi Review of Financial Studies, kuphatikizapo ma journal asanu apamwamba a economics ngati mungafikeko. Mapepala ambiri otumizidwa kumeneko amakanidwa, potumiza mumalipira, ndipo likapulumuka limabwera ndi revise and resubmit, mukonze, mutumizenso, adzakuuzeninso zina, pepala limodzi kudya zaka zingapo si zachilendo. Ngakhale pepala la Black ndi Scholes linakanidwa poyamba, linadzatuluka mu 1973 mu Journal of Political Economy Merton Miller ndi Eugene Fama atalilankhulira. Pomaliza PhD tsogolo lanu lonse limakhala pa pepala limodzi lotchedwa job market paper, ndi lomwe mumayenda nalo ku ma interview ndi kuma semina ofunira ntchito. Mukapeza tenure track (ntchito ya uphunzitsi yomwe amakuyesani kaye asanakukhazikitseni) ku America wotchi imayamba kuyenda, zaka zisanu ndi chimodzi kapena kupitirirako pang'ono, mapepala a mma journal aja akapanda kukwana mumafuna kwina.

Ndipo deta ya finance ndi yogula. CRSP yomwe ili ndi mitengo ya ma share a ku America kuyambira 1926, Compustat, zonsezi zimadzera ku WRDS, nsanja ya deta ya business school ya Wharton, kuwonjezapo Bloomberg terminal, yunivesite ikakhala kuti siinalembetse ndiye kuti manja anu amangidwa. Zaulere zilipo, ma factor a pa webusaiti ya Kenneth French, FRED ya St. Louis Fed, deta ya World Bank, koma sizikufikitsani kulikonse komwe mukufuna. Nde posankha sukulu funsani za deta kaye musanafunse za nyumba zogona.

Komabe ndikuuzeni komwe munthu ngati inu angalowere bwino. Finance ili ndi vuto la ma result abodza. Campbell Harvey, Yan Liu ndi Heqing Zhu mu pepala lawo la 2016 anawerenga ma factor 316 omwe anthu anati amalosera phindu la ma share, nkunena kuti poti anthu ayesa zinthu zambirimbiri pa deta imodzimodziyo, t-statistic ya 2 sikukwaniranso, pakufunika yoposa 3. Limenelo ndi funso la stats lenileni, multiple testing, koma lili mkati mwa finance. Munthu wodziwa kusiyanitsa signal ndi noise ali ndi ntchito kumeneko.

nabanda_biostat

Ndingoponyapo kamodzi, musaiwale biostatistics, stats ya zaumoyo. Ma proof ake ndi ochepako poyerekeza ndi stats ya theory, ndalama za kafukufuku wa zaumoyo zimapezekako, ndipo ma signal a ECG, EEG ndi zithunzi za MRI ndi zinthu zoti inu mwayamba kale kuzidziwa. Chenjezo lokha ndi lakuti malo ambiri a biostat ndi a soft money, gawo lalikulu la malipiro anu limachokera ku ma grant, grant ikatha mutu umayamba kuwawa.

Injiniya_Mdala

Mwana wanga, ndaona anzangawa akukukopani ngati mulibe kwanu. Ndilankhulireko uinjiniya pang'ono poti supavaiza wanu palibe pano.

Zoona, kafukufuku wa uinjiniya amafuna ndalama. Pulofesa wa uinjiniya amakhala ngati mwini kampani yaing'ono, amalemba ma proposal, amasaka ndalama ku boma ndi ku makampani, amagula zipangizo, amalipira ophunzira ake a PhD, ndipo akamakula pa udindo nthawi yogwira yekha ntchito ya mu labu imachepa. Ine masiku ano ndimawerenga ma draft a ana ndi kusaina mafomu kuposa kugwira oscilloscope. Amene sakonda kuyang'anira anthu zimamuwawa. Komanso nthawi zambiri pamafunika postdoc, ntchito ya kafukufuku ya kanthawi mukamaliza PhD, musanapeze malo okhazikika, pomwe ku finance ambiri amachoka ku PhD nkulowa ntchito ya uphunzitsi.

Koma inu si wa makina olemera kapena wa zomangamanga. Signal processing ndi control mbali yake yaikulu ndi masamu ndi kompyuta, nde nkhani ya labu yodula ija sikukukhudzani kwambiri. Tsegulani ma journal a IEEE, bungwe la mainjiniya a zamagetsi, ngati Transactions on Signal Processing kapena Transactions on Information Theory muone nokha, estimation, detection, Bayesian inference, ndi stats yokhayokha yovala ovolosi. Compressed sensing ya cha mma 2006 inatuluka kwa David Donoho, Emmanuel Candès, Justin Romberg ndi Terence Tao, ambiri mwa iwo a stats ndi masamu, koma mapepala ake otchuka anatuluka mu journal ya IEEE ndipo lero ikuthandiza kufupikitsa nthawi ya MRI. Mpanda womwe mukuuona pakati pa madipatimentiwa uli pa mapepala a ku registry basi.

Ubwino wina wa kwathu ndi wakuti mumaona zipatso msanga. Tili ndi ma conference ngati ICASSP komwe pepala lalifupi limawunikidwa mmiyezi yochepa, mumakalankhula, anthu amakudziwani, kenako mumalikulitsa kukhala la journal. Wophunzira wa PhD amamaliza ali ndi mapepala angapo, dzina lake lili koyamba, la supavaiza kumapeto. Ku finance ndi economics mayina amawandanda motsata alifabeti ndipo munthu atha kumaliza PhD asanatulutse ngakhale limodzi, wangogwira working paper pa SSRN, webusaiti yoikapo mapepala asanatuluke mu journal. Kwa anthu ena kudikira koteroko kumawafooketsa, dzifunseni ngati inu mungapirire.

Za malipiro a ku business school sindikutsutsa a kwanti, ndi zoona makamaka ku America. Koma mayiko ambiri malekichala onse ali pa sikelo imodzi, wa finance ndi wa history amasiyana pang'ono kapena osasiyana nkomwe. Nde musasankhe zaka zisanu za moyo wanu potengera malipiro a dziko lomwe mwina simudzagwirako ntchito.

kwanti_wotopa

Kkkkk "stats yovala ovolosi", mwandipha a Mdala. Koma pa sikelo imodziyo ndikutsutsaniko pang'ono, ngakhale komwe malipiro ndi ofanana wa finance amapeza zapambali, ma executive course, ma board, consultancy ya mabanki. Wa information theory amuitana ndani ku board? Chomwe ndikuvomereza ndi chakuti malo a PhD ya finance ndi ochepa zedi, dipatimenti imatenga anthu owerengeka pa chaka, ndipo masiku ano ambiri olowa mma sukulu apamwamba amayamba agwira kaye ngati predoc, kuthandiza pulofesa chaka chimodzi kapena ziwiri kuti apeze kalata yamphamvu. Ku uinjiniya malo ndi ambiri.

mwana_wa_magetsi

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso, makamaka pa kusiyana kwa financial engineering ndi PhD ya ku business school, ine ndimaona ngati ndi chimodzi. Kunena zoona funso loti economic mechanism ndi iti silikunditenga mtima, chomwe chimandisangalatsa ndi estimation yeniyeniyo. Nde mwina finance ikhale malo ogwiritsirapo ntchito osati dipatimenti yanga. Funso lotsatira, ndiyambire pati posankha sukulu? Ndiyang'ane ranking kapena? Ndipo America kapena Europe? Komanso pali journal ina yomwe yanditumizira imelo kuti nditumize thesis yanga aitulutsa mmasabata awiri, kodi zingandithandize pa application?

Dokotala_Sigma

Imelo imeneyo ifufuteni lero lomwe achemwali. Journal yeniyeni sipempha thesis kwa munthu yemwe sikumudziwa ndipo palibe peer review ya masabata awiri yolonjezedwa pasadakhale. Amenewo ndi ma predatory journal, akufuna ndalama zanu basi, ndipo komiti ikaona dzina lotero pa CV zimakuchotserani ulemu mmalo mokuwonjezerani. Bola CV yopanda pepala. Ngati thesis ili ndi kanthu kabwino, kambiranani ndi supavaiza muitumize ku conference ya IEEE kapena muiike pa arXiv, webusaiti yaulere yoikapo mapepala a kafukufuku.

Za ranking, ku finance dzina la sukulu limalemera kwambiri, a kwanti akhoza kuchitira umboni. Ku stats ndi uinjiniya dzina la supavaiza ndi lomwe limakunyamulani. Nde yambani ndi mapepala omwe munawakonda polemba thesis, onani analemba ndani, ali kuti panopa, akutengabe ophunzira kapena ayi. Kenako chitani chomwe ambiri amachita nacho manyazi, lemberani ophunzira ake akale, mayina awo amakhala pa webusaiti ya labu. Afunseni kuti amakumana naye kangati, draft amabweza patapita nthawi yaitali bwanji, anthu amamaliza mu zaka zingati, amene anasiyira panjira alipo angati ndipo chinachitika nchani. Safunsa anadya phula. Pulofesa wotchuka yemwe ali ndi ophunzira ambirimbiri ndipo amakhalira mma ndege akhoza kukusiyani nokha zaka zonse, pomwe wachinyamata yemwe akusaka tenure amakhala nanu pa bolodi sabata iliyonse chifukwa kupambana kwanu ndi kwakenso. Onse ali ndi zovuta zawo, wachinyamatayo akakanidwa tenure amasamuka inu muli pakati.

America ndi Europe zimasiyana pa kapangidwe. Ku America ndi zaka zisanu kapena kuposerapo, ziwiri zoyamba ndi makosi, supavaiza mumasankha mutafika kale, ndipo kwa inu amene mukufuna kutseka mpata wa measure theory makosi amenewo ndi phindu. Ku UK ndi zaka zitatu kapena zinayi, mumalowa mutu wa kafukufuku uli kale pa tebulo. Ku Netherlands, Sweden, Denmark ndi Norway wophunzira wa PhD amalembedwa ngati wantchito wolandira malipiro, malo amalengezedwa ngati ntchito ina iliyonse ndipo pulojekiti imakhala yokonzedwa kale, nde werengani bwino zomwe alembazo chifukwa ndi zomwe muzidzapanga zaka zitatu kapena zinayi. Kulikonse komwe mungapite, PhD ya mbali zimenezi musalipire nokha, akakutengani opanda funding ndiye kuti sanakufuneni kwenikweni.

Chomaliza, poti mwati estimation ndi yomwe imakukomerani, tumizani ma application mbali ziwiri, madipatimenti a stats omwe ali ndi anthu a time series kapena financial econometrics, ndi a electrical engineering omwe ali ndi gulu la statistical signal processing. Statement of purpose ikhale yosiyana pa awiriwa, kwa a stats onetsani kuti ma proof simukuwaopa ndipo tchulani real analysis yomwe mukupangayo, kwa mainjiniya onetsani zomwe munamanga ndi ma code anu. Ndipo musanatseke chitseko cha finance yesani kaye ka ntchito kakang'ono, tengani pepala limodzi lotuluka kale mubwereze ma result ake ndi deta yaulere ya French ija. Thomas Herndon anali wophunzira chabe ku University of Massachusetts Amherst pomwe anapatsidwa ntchito ya mkalasi yotereyi nkupeza mu 2013 kuti spreadsheet ya Reinhart ndi Rogoff, ya pepala lotchuka la ngongole za maboma lija, inasiya mayiko asanu powerengera avereji. Inu mwina simupeza cholakwa cha munthu, koma mudziwa ngati kukhala ndi deta ya misika tsiku lonse kumakusangalatsani kapena kumakutopetsani. Ma deadline a ku America ambiri ndi a mu Disembala, nde makalata a ma referee yambani kupempha panopa, mapulofesa timachedwa kuyankha.